Kalembera wa Ana a Sukulu

Fainala ndi mwamuna wake Samsoni anali matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chulu, m'boma la Kasungu. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anachokako mwana wawo Chancy ali m'mimba, ndipo chichokereni anali atasintha mabwana kangapo. Tenanti sakhala ndi mudzi. Amakhala ndi bwana, kanyumba kaudzu komanga mothamanga, ndi chimanga chopimiridwa m'ndowa chimene bwana amadzadula pa malipiro fodya akagulitsidwa. N'chifukwa chake makuponi a fetereza wotsika mtengo ankawalambalala chaka ndi chaka. Mayina ankachokera m'midzi, ndipo iwo sanali a mudzi uliwonse.

Chaka chimenecho Fainala anafuna kuleka kusamukasamuka. Ku Chulu anali atazolowerako. Pa mjigo amayi anzake ankamusungira malo pamzere, ku sikelo Chancy ankamudziwa ndi dzina, ndipo ku kwaya ya amayi anali atamupatsa nsalu ya yunifomu. Mayi Modester, amasiye amene ankaimba nawo limodzi, anamubwereka kamunda kumalire a mudzi wawo ndi esiteti. Kanali ka mchenga wotopa, woti fodya anaudya kalekale. Popanda fetereza chimanga chinkangofika m'chiuno, n'kuchita chikasu, kaufiti n'kumalizitsa.

Samsoni zokhala analibe nazo chidwi. Anali atagwirizana kale ndi munthu wina wotolera matenanti kuti mvula isanagwe akwere lole ya ku Mzimba, kumene ankati kuli bwana wogula fodya pamtengo wabwinoko.

"Kuponi ukaipeza, tikhala," anatero. "Iwe uzilima chako, ine ndizigwira maganyu. Ukapanda kuipeza, usandivutitse. Tikwera lole."

Ananena zimenezi podziwa kuti kuponiyo sangaipeze.

Masana ena Fainala akuchokera ku ganyu wothirira nazale ya fodya kudambo, anapeza Angelina, mwana wa mayi Modester, ataima pakhomo pake, kope ndi cholembera m'manja. Anali asanavule yunifomu.

"Mwaswera bwanji, amake Chancy?"

"Ndaswera. Akutuma amayi ako?"

"Ayi, atituma ndi a Chirwa." A Chirwa anali mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ya pafupi. "Tikuphunzira kulemba nkhani zazifupi. Akuti aliyense apeze munthu amene si wachibale, amufunse mafunso."

"Nkhani zake ziti?"

"Zopeka. Koma akuti tikamapeka za m'mutu mokha timangolemba za ndege ndi anthu olemera a ku Joni. Ndiye tiyambire pa munthu weniweni."

"Mafunso ake ndi otani?"

Angelina anatsegula kope n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi. "Dzina lanu. Kumene mumakhala. Chinthu chimodzi chimene mukuchifuna kwambiri. Chimene chikukulepheretsani kuchipeza."

 Mafunso otere Fainala anali atawamvapo. Pa esiteti imene ankakhala kale kunabwera anyamata ovala zipewa zofanana, n'kumafunsa kuti mumadya kangati, muli ndi mbuzi kapena ayi. Nawonso anati ndi kafukufuku chabe, musayembekezere kanthu. Patapita miyezi, amene anafunsidwa aja analandira maneti ndi mbewu, amene anali kumunda tsikulo sanaone kanthu. Olemba mayina sanena kuti akulemba mayina. Atanena, mudzi wonse ukhoza kusanduka amasiye tsiku limodzi. Ndipo nyengo yake inali yomweyi, komanso makuponi ankagawira pabwalo la sukulu pomwepo. Akuluakulu aona kuti makomiti amakondera, anaganiza choncho, ndiye atuma ana, poti mwana sadziwa kusankha nkhope.

Anakankhira nkhuku yake ya anapiye kuseri kwa nyumba ndi phazi, n'kuyala mphasa.

"Khala apa, mwanawe. Lemba: Fainala Namakhwa. Ndiona kuti walemba bwino, ndinafika Sitandade 6 ine."

Anafotokoza zonse. Za kamunda ka mchenga, za lole ya ku Mzimba, za denga limene linkadontha pakati penipeni pogona. Chimene akufuna anati ndi fetereza, matumba awiri, wobzalira ndi wobereketsa. Chomulepheretsa anati n'chakuti sali m'buku la mudzi uliwonse. Ataona kuti Angelina akulemba mosangalala, anaonjezapo kuti bambo ake a Chancy ndi odwaladwala, chifuwa sichiwachoka. Nthawi imeneyo n'kuti Samsoni ali kutchire, akusenza mitengo yomangira zigafa zoumitsiramo fodya iwiriiwiri.

"Dzinalo tidzasintha," anatero Angelina potseka kope. "A Chirwa akuti m'nkhani yopeka sitiika dzina lenileni."

"Langa usasinthe."

"Ndi lamulo lake, amake Chancy."

Fainala anangomwetulira. Mwana akatumidwa amauzidwa zoti anene, zina sauzidwa.

Sanali yekha woganiza choncho. Sabata yomweyo nkhani inafika pa mjigo, ndipo mwana aliyense wodutsa ndi kope ankaitanidwa m'makomo, kupatsidwa mpando ndi mtedza wokazinga. Bambo ena, a Lazaro, anasamutsira mbuzi zawo kukhola la achimwene awo. Amene ana sanawafikire anayamba kudandaula kuti a Chirwa akukondera a tchalitchi chawo.

Mayi Modester anayesa kumuuza mnzawo akuchokera kokonzekera nyimbo za Lamulungu.

"Amake Chancy, izi n'za ana. Angelina wandionetsa. Akalemba, aphunzitsi achonga, basi."

"Inu muli kale m'buku la mudzi, amayi. Mungazione bwanji?"

"Ine ndanena."

Fainala anayamba kulima mizere. M'mawa ankapita ku nazale, madzulo kukamunda kake, Chancy atamukhazika pansi pa mtengo wa mango ndi mbatata m'manja. Mchenga sunkavuta kulima. Vuto lake linali lakuti mzere ukaukweza lero, mphepo imautsitsa mawa.

"Ndamva kuti ndikudwala chifuwa," anatero Samsoni tsiku lina akunola nkhwangwa. "Ku gulosale a Usumani andifunsa ngati ndayamba mankhwala."

"Mukatsokomole pang'ono mukamadutsa pa sukulu. Sizikupwetekani."

"Walembedwa ndi mwana wopanda nsapato, ndiye ukulima munda wonse?"

"Inu munalembedwa ndi munthu wovala nsapato kangati? Tili ndi chiyani?"

 Samsoni anayesa nkhwangwa pa chala chachikulu n'kupitiriza kunola.

Tsiku loitana mayina linafika dzuwa likuotcha mchenga. Anthu anakhala m'magulu pansi pa mitengo ya pabwalo la sukulu, mudzi uliwonse pawokha. Fainala analibe gulu lake, ndiye anakhala kumapeto kwa mudzi wa mayi Modester, Chancy ali kumsana. Alangizi a zaulimi ndi a komiti anaika tebulo pamthunzi n'kuyamba kuitana. Woitanidwa ankadzuka, kuonetsa chitupa, kudinda chala, n'kubisa kuponi yake m'lamba kapena m'nsonga ya chitenje. Mayi Modester anaitanidwa. A Lazaro sanaitanidwe. Mudzi womaliza utatha, alangizi anasonkhanitsa mapepala n'kuwamanga kumbuyo kwa njinga yamoto.

Fainala anawayandikira.

"Abwana, nanga kalembera wa ana uja muitana liti?"

"Wa ana uti, mayi?"

"Wa a Chirwa."

Alangizi anayang'ana a komiti, a komiti anayang'ana pansi. "Ife sitikuudziwa. Kafunseni eni ake."

Anthu angapo anali atafika kale pakhomo la Sitandade 7, a Lazaro patsogolo. A Chirwa anatuluka, choko chili m'manja. Anali munthu wamfupi, wa malaya otsukidwa mpaka kolala kuyera mbee, ndipo malankhulidwe awo ankamveka kuti ndi a kumpoto kwa boma. Anamvetsera mpaka onse atatha, kenaka anafotokoza. Anati palibe kalembera. Anati ana aja anawatuma kukaphunzira kuti nkhani imayamba ndi munthu wofuna kanthu, ndipo anawauza kuti anene poyera kuti n'za sukulu.

"Ananenadi," anavomera mayi wina. "Koma onse amanena choncho."

"Mbuzi zanga zadya chinangwa cha eni kumene ndinakazisunga," anatero a Lazaro. "Mlandu umenewo ndi wa ndani?"

"Pepani, bambo. Koma mbuzi sindinazitume ndine."

Ena anaseka, ena anatukwana chapansipansi, ndipo gulu linabalalika. Fainala anatsala.

"Aphunzitsi, ndiye mapepalawo sakupita kwina kulikonse?"

"Amabwera kwa ine, ndichonga, ndiwabwezera eni ake."

"Ndimve nawo zimene anandilemba."

A Chirwa anakanda m'mutu ndi dzanja la choko, tsitsi n'kuyera. Kenaka anapatuka pakhomo. "Lowani, mayi. Lero tili pa mathero. Ya Angelina sitinaiwerenge."

M'kalasimo munalibe madesiki. Ana anakhala pansi, atsikana mbali iyi anyamata mbali iyo, monga momwe zinalili pamene Fainala ankaphunzira. Mwana wina anamupatsa njerwa kumbuyo, iye n'kukhalapo, Chancy n'kumutembenuzira pachifuwa. Pabolodi panalembedwa mawu motsika: ampangankhani, malo ndi nthawi, vuto, tsatanetsatane wa zochitika, mathero.

Angelina anaimirira, maso osayang'ana kumbuyo, n'kuyamba. "Padali mayi wina dzina lake Comfort. Iye adali tenanti."

"Comfort ndani?" anafunsa Fainala.

"Ndinu," anayankha ana angapo pamodzi.

"Si iwo," anatero a Chirwa. "Anayambira pa iwo, koma tsopano ndi Comfort. Akaba, waba Comfort. Akamwalira, wamwalira Comfort, mayiwa akupita kwawo bwinobwino. N'chifukwa chake timasintha dzina. Pitiriza."

Angelina anapitiriza. Denga lodontha linalimo, ndi beseni limene ankaika pakati pa mphasa mvula ikamagwa. Kamunda kanalimo, lole inalimo. Ngakhale nkhuku ya anapiye inalimo, ikusuzumira kuseri kwa nyumba. Fainala sanadziwe kuti mwanayo anaiona. Mwamuna wa Comfort ankatsokomola m'ndime iliyonse. Pomaliza, Comfort atakhala pakhonde akulira, kunatulukira galimoto yoyera, munthu wachifundo n'kutsitsa matumba a fetereza, ndipo banjalo linakhala mosangalala.

Ana anaomba m'manja. A Chirwa anadikira kuti atsirize.

"Malo tawaona?"

"Inde, sala."

"Tawaona ndi chiyani, Lonjezo?"

"Ndi beseni, sala."

"Ndi beseni. Sanatiuze kuti nyumbayo ndi yosauka, watipatsa beseni, ife tadzionera tokha. Apo wakhoza. Vuto la Comfort n'chiyani?"

"Fetereza."

"Chifuwa cha amuna ake, sala."

"Mwaona? Kalasi yagawikana. Nkhani yaifupi ili ngati njinga, simukwezapo thumba la chimanga, mbuzi ndi apongozi nthawi imodzi. Vuto likhale limodzi. Chifuwachi chikugwira ntchito yanji, Angelina?"

Angelina anayang'ana pansi. "Anandiuza choncho, sala."

"Mwamunayo angomwalira, sala," anatero mnyamata wina wamtali wa kukhoma. "Nkhani ikoma."

"Ali moyo," anatero Fainala. "Sadwalanso. Chifuwacho chotsanimo."

Kalasi inaseka mpaka a Chirwa anagogoda bolodi.

"Chachoka. Tsopano galimoto yoyerayi. Yachokera kuti?"

"Ku Lilongwe, sala."

"Ndani waiitana? Tinaimvapo kumayambiriro? Kuno kwanu kuno, ndani anaonapo galimoto ikukhota pakhomo la tenanti kudzatsitsa matumba?" Palibe anakweza dzanja. "Taonani nkhaniyi. Poyamba Comfort akudikira. Pakati akudikira. Pomaliza galimoto. Munthu wongodikira owerenga amatopa naye. Mathero azichokera pa chimene mpangankhani wachita yekha, chabwino kaya choipa. Angathe kupambana, angathe kulephera, koma achite kanthu. Ndiye Comfort achite chiyani?"

Manja anakwera.

"Akabe fetereza wa bwana, sala."

"N'zotheka. Akagwidwa, nkhani yatha ndi apolisi. China?"

"Agulitse nkhuku."

"Nkhuku imodzi igula thumba?"

"Ayi, sala."

"Athire manyowa."

"Alibe khola," anayankha Angelina.

"Akwatiwe ndi alangizi," anatero wamtali uja, ndipo atsikana anabisa nkhope m'makope.

"Akwere lole," anatero mtsikana wina wamng'ono wa kutsogolo. Ana ena anamutembenukira ngati walakwa.

"Amenewonso ndi mathero," anatero a Chirwa. "Sindinanene kuti mathero azikhala okoma." Anayang'ana kumbuyo kwa kalasi. "Mayi, inu mungatithandize?"

"Ine sindikudziwa, aphunzitsi. Ndinabwera kudzafunsa dzina langa."

A Chirwa anagwedeza mutu, n'kuuza ana kuti aliyense akalembe mathero ake a nkhani ya Comfort, opanda galimoto. Kunja mwana wina anamenya chitsulo choweruka. Ana anathamangira pakhomo, fumbi n'kudzaza chipinda. Angelina anatsala, kope atalikumbatira.

"Ndinakuuzani, amake Chancy."

"Unandiuza. Walemba bwino. Nkhuku ija unaiona nthawi yanji?"

"Mukuikankha."

Potuluka a Chirwa anaperekeza Fainala mpaka pamtengo wa mbendera. Anati akanadziwa kuti zifika apa, akanadikira nyengo ya makuponi idutse. Anati chaka chamawa adzawatuma mwezi wokolola. Fainala anawayankha kuti mwezi wokolola anthu adzaganiza kuti ndi a msonkho, n'kutsanzika.

Sanalunjike kunyumba. Anadzera kukamunda kake n'kuima m'mphepete. Mizere inali itatha yonse, yowongoka bwino, mphepo itaidya pang'ono pamwamba. Anaganiza za mawu a aphunzitsi aja, ndipo anamukwiyitsa. N'kosavuta munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi kunena kuti wodikira amatopetsa. Tenanti ntchito yake ndi kudikira: kudikira ndowa ya chimanga, kudikira fodya agulitsidwe ku okushoni, kudikira bwana abwere ku banki. Chancy anayamba kulira njala. Anamusunthira bwino kumsana n'kulowera njira ya kwa mayi Modester.

Anawapeza akupeta mphale. Anakhala pansi, n'kudikira amalize lichero limenelo.

"Amayi, khitchini yanu ija mumagonamo nkhuku?"

"Nkhuku zinatha ndi chitopa. Muli nkhuni zokha. Bwanji?"

"Nkhunizo ndingazisanje kunja."

Mayi Modester anaika lichero pansi. "Amuna anu akudziwa?"

"Adziwa madzulo."

"Ine za mabanja a eni sindilowerera. Khitchini ndikubwerekani, koma anthu akafunsa ndidzati munabwera nokha. Nanga m'munda muja mubzala chiyani? Chimanga musataye nacho nthawi."

"Chimene chingamere."

"Mtedza umamera pamenepo, si kwambiri koma umamera. Ndikupimirani wambewu, mudzabweze mukakolola. Chakudya cha dzinja ndiye mudzionere. Ine kuponi yangayi tigawana ndi ana a mchemwali wanga."

"Kusoka fodya kudzakhalapo. Ndidzasoka."

Samsoni anamva nkhani ya mayina asanafike pakhomo. Anamupeza mkazi wake akuphika ndiwo za masamba a nyemba, n'kukhala pa mpando wake wa ndalema.

"Lole ikubwera Loweruka. Uyambe kumanga katundu."

"Ndimanga wanu."

"Wati bwanji?"

"Ine sindikwera. Ndikakhala kwa mayi Modester."

"Tinapangana, amake Chancy. Kuponi ikapanda kupezeka, tikwera."

"Munapangana ndinu. Ine ndinangomva."

"Udya chiyani? Mchenga?"

"Kumene mukupitako tikadya chiyani? Ndowa yomwe ija, bwana wina. Chaka chamawa lole ina."

"Anthu adzati ndathawa banja."

"Mudzawauze kuti ndakuthawani ndine."

Samsoni analankhula zambiri. Anatchula ankhoswe a ku Phalombe, koma onse awiri ankadziwa kuti ankhoswewo analibe ndalama yokwerera basi kudzaweruza nkhani ya ku Kasungu. Anatchula mwana. Fainala anati mwana wamng'ono chonchi sakwera lole popanda amake. Anatchula Baibulo, n'kulephera kupeza vesi lake. Kenaka anadya, n'kupita ku gulosale kukamvera mpira pa wailesi.

Lachisanu anagawana katundu pabwalo. Sanali wambiri. Miphika inali iwiri, aliyense anatenga wake. Mbale chimodzimodzi. Bulangete linali limodzi, ndipo Samsoni analiika m'thumba lake, n'kulitulutsa, n'kuliponyera pa mulu wa mkazi wake.

"N'la mwana," anatero.

"Ku Mzimba kumazizira."

"Ndikagula."

Makasu onse anali a bwana kupatula limodzi lakutha kumaso limene anachoka nalo kwawo. Limenelo sanakambirane. Fainala analinyamula n'kuliimika pa mulu wake.

Lole inafika Loweruka dzuwa litakwera, itadzaza kale mabanja ena, mitolo, njinga ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Samsoni anaponya thumba lake pamwamba, n'kunyamula Chancy, kumuyang'ana kumaso, n'kumubwezera kwa amake.

"Fodya akagulitsidwa ndidzabwera kudzaona mchenga wakowo."

"Mudzatipeza."

Anakwera n'kupeza pokhala pa tayala losungira. Lole inanyamuka, fumbi n'kutseka msewu. Fainala sanadikire kuti fumbilo lithe. Kapitawo wa esiteti anali atanena kuti kanyumba kaja akufuna kulowetsamo banja lina madzulo omwewo, ndipo nkhuni za m'khitchini ya mayi Modester zinali zisanasanjidwe. Anasenza mtolo wake, nkhuku kukhwapa, khasu m'dzanja, n'kuwoloka malire a esiteti kulowa m'mudzi.